James Bond wabweranso pa disiki, nanga akazitape a mu Lusaka adzawasimba ndani?

Mphwanga amene agwira nchito ku London anabwera ku holide mwezi watha atanyamula mphatso ya amalume athu a ku Kabwata. Kanali kabokosi ka madisiki 6, mafilimu a James Bond amene anasewera Sean Connery, omwe anatulutsidwanso mu 2025 atayeretsedwa mwa mtundu umene akuucha 4K. Amalume anakatembenuza kawiri katatu, kenaka anaika cala pa dzina limodzi.

"Goldfinger! Iyi ndiye filimu, osati vamene mutamba masiku ano."

Bvuto linayamba pamene tinalowetsa disiki mu kamakina kao ka DVD. Kanalira, kanalira, kenaka kanailavula. Madisiki a 4K afuna makina akeake, ndipo makinawo sapezeka m'nyumba zambiri muno. Tinakumbukira kuti msuweni wathu ku Woodlands anagulira ana ake PlayStation 5, imene imawerenga madisiki otere. Ndiye pa Sondo masana, titatsimikiza kuti malaiti aliko, tinakweza amudala m'galimoto.

Amene munakulira mu Lusaka m'ma 1980 mudziwa kuti vidiyo sinali nkhani ya munthu mmodzi. Pa buloko yathu ku Kabwata panali nyumba imodzi cabe yokhala ndi deki. Bambo wa nyumbayo anali kubwereka tepi ku town kapena ku Kabulonga pa Cisanu akaweruka, ndipo mbiri inali kufika ku ana onse iye asanatsike basi. Akuluakulu pa mipando, ife pansi pa simenti, ocedwa pa windo. Cithunzi cikayamba kubvina, mwana wamkulu wa pa nyumbapo anali kugwada kutsogolo kwa deki n'kumakonza ngati dokotala. Filimu ikatha, tepi inayenera kubwezedwa poyambira, apo ayi kobwereka kuja anali kukulipiritsani.

Pambuyo pake kunabwera ma DVD a mu Cairo Road ndi ku City Market, mafilimu khumi pa disiki imodzi, ena omveka kutsokomola kwa anthu a mu holo mmene anawajambulira mwakuba. Lero zonse zili pa foni. Aliyense ali ndi kanema wake m'manja, koma oonera pamodzi kulibe.

Goldfinger ndi mnzathu wa msinkhu umodzi ndi dziko lino. Inaonetsedwa koyamba ku London mu September 1964, ife n'kulandira ufulu pa 24 October caka comweco. Inacokera m'buku la Ian Fleming la mu 1959, ndipo nyimbo yake anaimba Shirley Bassey. Nkhani yake ndi ya munthu wolemera, Auric Goldfinger, amene afuna kuipitsa golide yense wa Amereka wosungidwa ku Fort Knox kuti wake akwere mtengo. Ife a dziko la kopa, amene tinaona umoyo ukuthina mtengo wa kopa utagwa mu 1975, nkhani ya mitengo yopangidwira kutali sitifunika kuimasuliridwa.

Kunena zoona, cithunzi ca pa disiki yatsopanoyi n'coyera modabwitsa. Timadontho topanga cithunzi ca 4K n'tocuruka kanayi kuposa ta HD, moti muona ngakhale ulusi wa suti ya Connery. Kuyerako kumaululanso zinsinsi: pena muzindikira kuti munthu sakuyendetsa galimoto pa mseu, wangokhala mu situdiyo, mitengo ikuthamanga kumbuyo kwake. Amalume anaseka mpaka misozi. Ana a msuweni wanga anayang'ana mphindi zisanu, n'kubwerera ku mafoni ao.

Zinthu zinasintha pamene Bond anali kuonetsedwa galimoto yake, Aston Martin DB5, ya manambala otembenuka okha kuti adani asaizindikire. Amalume anakweza dzanja.

"Imikani pamene apo. Imwe bana, muganiza ivi ni va mu filimu cabe? Vinacitika muno mwamene."

Anayamba kusimba za April 1979, pamene asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka usiku ndi ma Land Rover opakidwa utoto ngati a asilikali athu. Anapita kukaphwanya nyumba ya Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZAPU, pafupi ndi State House, mtunda waufupi kucokera pamene tinakhala ife tsikulo. Nkomo sanam'pezemo. Anasimbanso za 18 March 1975, pamene bomba lobisidwa mu Volkswagen linapha Herbert Chitepo wa ZANU pa nyumba yake ku Chilenje South, ndi za 19 October 1978, pamene ndeke za Rhodesia zinaponya mabomba pa kampu ya Chikumbi kumpoto kwa mzinda.

"Masiku yaja munthu wacilendo akakufunsa njila, unali kuyamba wamuyangana ku nsapato," anatero amalume. "Kazitape sanali kuvala suti monga uyu. Anali kukwela basi na ise."

Mafoni onse anali pansi tsopano. Mtsikana wa giredi 11 anafunsa ngati Oliver Tambo amene anamva ku sukulu anakhaladi muno. Inde, mtsogoleri wa ANC uja anakhala zaka zambiri mu Lusaka, ndipo nyumba yake ku Chelstone inatsegulidwa monga malo a cikumbutso mu October 2017. Mwanayo amadutsa ku Chelstone kawirikawiri popita kwa anzake, koma sanadziwe.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandikhudza. Bond ndi munthu wopeka, koma eni ake amusamala ngati mwana wobadwa yekha. Sean Connery anamwalira mu October 2020 ali ndi zaka 90, komabe nkhope yake ya mu 1964 ikuwala kuposa kale. Kampani ya Amazon inalipira madola 8.45 biliyoni pogula MGM mu 2022, ndipo mafilimu a Bond anali mbali yaikulu ya cumaco. Ife nkhani zathu zenizeni, za mzinda umene unasunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe n'kulipira ndi magazi, zambiri zili m'mitu ya nkhalamba za ku Kabwata, Chilenje ndi Libala. Mitu imeneyi ilibe disiki. Maliro alionse amene tipita nao ku Leopards Hill, tepi ina yafufutika.

Sindikuti tileke kuonera Bond. Ngati muli ndi makina ake, filimuyi ndi yokoma ndithu, ndipo ikoma kwambiri mukaitana anansi monga kale. Koma foni imene muli nayo m'thumba ijambula mau ndi zithunzi bwino kuposa makamera ambiri a masiku aja. Ambuya anu akali moyo, afunseni kumene anali usiku umene mfuti zinalira pafupi ndi State House.

Ku Woodlands tsiku lija filimu sitinaitsirize. Bond anakhala ciimire pa TV pafupi ndi galimoto yake mpaka dzuwa kulowa, pamene mtsikana uja anatsamiritsa foni yake ku kapu ya tiyi n'kunena kuti, "Ambuya, yambilani poyamba. Manje nijambula."