Kukwera Boti la Matanga Kuchokera ku Ledig

Munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Salima amene akukhala ku Ledig ku South Africa, pakati pa migodi ya pulatinamu, akalandira anzake akale, maganizo amathamangira kumadzi. Koma madzi ake ati? Damu la Mankwe lili pafupi, mkati mwa nkhalango ya Pilanesberg, koma eni ake ndi mvuu ndi ng'ona. Kadziwe ka ku Sun City n'kamasewera a alendo. Madzi oti boti la matanga liyendepo mwaufulu ali ku Hartbeespoort, ulendo wopitirira ola limodzi pagalimoto kulowera ku Pretoria.

Damu la Hartbeespoort linamalizidwa mu 1923, atatseka mtsinje wa Crocodile pamene umaboola mapiri a Magaliesberg, kuti alimi a ku Brits azithirira minda. Mapiri omwewa ndi amene amasokoneza mphepo. Kwathu mwera ukayamba m'miyezi yozizira umaomba masiku angapo kuchokera mbali imodzi, asodzi n'kumaudziwa. Kuno mphepo imadukizaduka: bata, kenako kamvuluvulu wotsika m'phiri. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kugwa chakumasana, ndipo mlongoti wachitsulo pakati pa madzi ndi woitana mphezi. Nyamukani m'mawa, dzuwa likangopendeka mukhale mutakocheza.

Boti la matanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limaidula chammbali, pafupifupi madigiri 45, kenako n'kutembenukira mbali inayo, kumangokhotakhota mpaka kufika. Ulendo wotero ndi wautali, boti limapendekeka, madzi amathovukira m'kati. Mphepo ikakhala kumbuyo zonse zimaphweka: boti limawongoka, phokoso limatha, munthu amathira tiyi osataya. Pa chifukwachi woyendetsa wodziwa amayamba ndi kulimbana ndi mphepo alendo akadali ndi mphamvu, kuti pobwerera, atakhuta ndipo nkhani za kumudzi zafika pokoma, mphepo iwakankhe yokha. Ambiri amachita mosiyana chifukwa kuchoka ndi mphepo kumakoma, mapeto ake amavutika pobwerera ndi achikulire otopa kale.

Alendo otere sanabwerere mpikisano. Pindani thanga likhale locheperapo musanachoke padoko, pakuti kulipinda mphepo itakula kale n'kovuta. Auzeninso za mtengo wopingasa wa m'munsi mwa thanga, umene umadumphira mbali ina boti likamatembenuka. Sudziwa kuti uyu ndi mkulu wa mpingo, mukati "Madala, weramani!" aweramedi. Jekete loyandamitsa aliyense avale, ngakhale uja wodzitama kuti anakulira pa bwato. Malamulo a South Africa amafunanso kuti woyendetsa boti la matanga lotalika mamita 9 kapena kuposa, ngakhalenso la injini yoposa mahosipawa 15, akhale ndi chiphaso chovomerezeka ndi bungwe la SAMSA.

Chotsala ndi namasupuni, yemwe uja amatseka Shire pa Liwonde. Ku Hartbeespoort amanenepa ndi zonyansa za m'mizinda ya Gauteng zimene mitsinje ya Jukskei ndi Hennops imatsanulira mu Crocodile. Popeza sazika mizu pansi, amayenda ndi mphepo, moti doko limene munachokapo lili poyera mukhoza kulipeza litatsekeka masana. Musanawononge petulo kuchoka ku Ledig, imbani foni kudoko mufunse kumene udzuwo wagona, ndipo madzi akumwa munyamule anu.