Timau tiwiri tomwe tikugwetsa ana pa mayeso

Nankafumbwe ndi wamng'ono koma amatha nkhokwe. M'Chingerezi muli timau tiwiri, "a" ndi "the", tomwe tikuvutitsa ana athu pa mayeso a MSCE, pomwe wolephera Chingerezi salandira satifiketi.

Ife tikati "mkango ndi woopsa" basi tatha, tanena mikango yonse. Mngerezi ali ndi njira zitatu: "the lion is dangerous", "a lion is dangerous" ndi "lions are dangerous". Komatu sizilowa paliponse ayi. Taonani mbalame ija yotchedwa dodo ya ku Mauritius, yomwe inatheratu m'zaka za m'ma 1600. Apa timati "the dodo is extinct". Kunena "a dodo" nkulakwa, pakuti mbalame imodzi imangofa, chomwe chimatha ndi mtundu wonse.

Msampha wina nawu: "the lions" ndi mikango yodziwika, mwina ya ku Liwonde, osati yonse. Ndipo pokamba za moyo wa aliyense, "the" achoke: "life is hard".

Aphunzitsi, musamangolembetsa malamulo pabolodi. Yambani ndi chiganizo cha Chichewa, mwana aone pomwe zilankhulo ziwirizi zasiyanirana. Nawe mwana, ukakaika, lemba "lions" popanda kanthu kutsogolo. Njira imeneyi sigwetsa munthu kawirikawiri.