Namwino Afunsa Nzeru pa Foni

Mu mzinda wa Tete muli dera lotchedwa Samora Machel. Mwini dzinali, asanakhale mtsogoleri wa dziko lathu mu 1975, anali namwino. Masiku amenewo madokotala anali ochepa. Lero achulukirapo, koma ambiri ali m'mizinda.

Munthu wa ku Samora Machel akadwala kwambiri, chipatala chachikulu cha Tete chili pafupi. Nanga ife a ku Zumbo, Marávia kapena Chifunde? Ulendo wa ku Tete ndi wautali, ndipo umadya ndalama zambiri. Nthawi ya mvula misewu ina siyendeka. Pa chipatala chaching'ono cha kwathu timapezapo namwino, nthawi zina mmodzi yekha.

Namwinoyo akakumana ndi matenda ovuta, angathe kufunsa dokotala amene ali kutali. Unduna wa Zaumoyo uli ndi njira yotchedwa Telessaúde. Wogwira ntchito za umoyo amaimba foni kapena kulemba funso lake, ndipo wodziwa zambiri amamuyankha. Amaphunziranso zatsopano osachoka pa ntchito. Anzathu a ku Malawi ali ndi Chipatala cha pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011. Kumeneko woimba ndi wodwala mwini wake.

Kodi anamwino amaiona bwanji njirayi? Ambiri amaikonda. Amati sakhalanso okha pa mlandu wa moyo wa munthu. Dokotala akati, perekani mankhwala akuti, wodwala amachira ali kwawo, ndalama za ulendo n'kugulira chakudya. Akati, mutumizeni msanga, namwino sazengereza.

Madandaulo aliponso. Netiweki imathawa. Foni imatha moto kumene kulibe magetsi. Yankho likachedwa, mzere wa odwala umatalika panja, dzuwa la ku Tete lili pamutu. Koma dandaulo lalikulu ndi ili: foni ilibe manja. Dokotala wa kutali sangagwire mimba ya mayi woyembekezera. Sangamve kutentha kwa thupi la mwana. Amamva zokhazo zimene namwino wamuuza, ndipo namwino amanena zimene wapima ndi zimene ife tamuuza.

Apa ndi pamene ife tili ndi mbali yathu. Tinene tsiku limene matenda anayamba. Tinene mankhwala onse amene tamwa, ngakhale a kwa sing'anga. Ambiri timabisa zimenezi poopa kudzudzulidwa, chonsecho dokotala akufuna kudziwa kuti mankhwala asalimbane m'thupi. Titenge khadi la kuchipatala, pakuti namwino amawerenga m'menemo pofotokoza pa foni.

Tikaona namwino akuimba foni ife tili pa benchi, tisafulumire kunena kuti akucheza. Tingathe kumufunsa mwaulemu. Ndipo ngati akufuna kujambula bala lathu kuti atumize kwa dokotala, ayambe watipempha.