KANEMA WA M'KATONI: NZERU YA ANA YOSAYENERA KUNYOZEDWA

Munthu woyenda madzulo pa misika ya Namitete, Nsaru, Kabudula kapena Mpingu amamva phokoso lochokera m'tinyumba ta kanema, m'mene ana amalipira kandalama kuti apenye nkhondo za anthu a maiko akutali, wina ali kumasulira m'Chichewa. Makolo ndi aphunzitsi amadandaula kuti tinyumba timeneti tiri kudya nthawi ya sukulu. Dandauloli ndi loona, koma kuletsa kokha sikuchiza nthendayi. Mwana wokonda kanema aphunzitsidwe kupanga wake.

Kupenya nkhani zokonzedwa ndi alendo sikunayambe lero. M'chaka cha 1948 bungwe la Central African Film Unit linakhazikitsidwa ku Salisbury, ndipo kufikira 1963 linali kujambula zithunzi zophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama, zimene magalimoto anali kuonetsa m'midzi ya Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Osewera anali anthu akuda, koma olamulira nchitoyo anali Azungu. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999.

Komabe ana a m'midzi sanadikire makina. Iwo amaboola katoni, namatapo pepala loyera, nadula tianthu ta mapepala, nayatsa kandulo kumbuyo kuti mithunzi ivine. Akulu amayesa zimenezi masanje chabe, osadziwa kuti mai wina wa ku Germany, Lotte Reiniger, anatchuka ndi luso lomweli. Ndi sizasi ndi makatoni iye anapanga The Adventures of Prince Achmed, kanema amene anatuluka mu 1926 atamugwirira nchito zaka zitatu.

Chinsinsi chake ndi ichi: zithunzi zoima zikatsatana mofulumira, diso limanyengedwa ndi kuona ngati ziri kuyenda. Kanema wamkulu amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma 12 zimakwanira pa nchito ya kunyumba. Motero mphindi imodzi imafuna zithunzi 720, ndipo apa mwana amaphunzira masamu pamodzi ndi kuleza mtima.

Lero foni ya m'manja iri kuchita nchito ya makina aja, ndipo zotsalazo ziri m'nyumba kale. Foni ipanikizidwe pakati pa njerwa ziwiri kuti isagwedezeke. Ng'ombe ya dothi, ngolo ya mapesi kapena galimoto ya waya isunthidwe pang'ono, ijambulidwe, isunthidwenso, kenaka zithunzizo zilumikizidwe ndi pulogalamu ya m'foni momwemo. Lichero lokutidwa ndi pepala loyera limabweza kuwala kwa dzuwa pa mbali ya mdima. Mpunga wogwera pa pepala umamveka ngati mvula, ndipo lata logwedezedwa limalira ngati bingu. Mwa njira imeneyi ana a Sitandade 6 angathe kuonetsa kumera kwa nyemba kapena kukokoloka kwa nthaka m'munda wopanda mizere.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Kandulo, katoni ndi denga la udzu sizigwirizana; tochi ndiyo yabwino. Nkhope ya mwana isatumizidwe pa intaneti makolo asanalole, pakuti chopita kumeneko sichibwerera. Ndiponso m'dera lino, kumene Gule Wamkulu ali ndi mizu, za kudambwe zisajambulidwe, ndipo za pabwalo zijambulidwe mfumu itavomereza.

Dziko lino laonetsa kale kuti lingathe kusimba nkhani zake. Shemu Joyah, katswiri woyeza malo, anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ndipo Joyce Mhango Chavula analandira mphoto ku Lagos mu 2016 chifukwa cha kanema wake wotchedwa Lilongwe. Amene adzawalowe m'malo mwina lero ali ku Nambuma, ali kudula katoni kuseri kwa nkhokwe. Mphunzitsi akamupeza, asamulande, amubwereke foni. M'mera mpoyamba.