Mbale ya Amonke Acibuda m'Dziko la Cisanu

Tsiku lina m'mawa m'caka ca 1978, munthu wina amene anali kuthamanga molimbitsa thupi pa malo ocezera a Hampstead Heath mumzinda wa London anakumana ndi amuna ometa mpala, ovala mikanjo yofiirira, akuyenda mondondozana aliyense ndi mbale yace. Anaima nawafunsa kuti iwo ndani ndipo akufunanji. Iwo anamuuza kuti ndi amonke a cipembedzo ca Cibuda, kuti ali pa ulendo wao wa tsiku ndi tsiku wolandira cakudya, ndi kuti mwambo wao ndi wokhala m'nkhalango, ngakhale panthawiyo anali kukhala m'kanyumba ka m'mbali mwa mseu waphokoso.

Mtsogoleri wao anali Ajahn Sumedho, mbadwa ya ku America. Dzina loti Ajahn litanthauza mphunzitsi. Iyeyu anakhala zaka khumi ku Thailand pa mapazi a Ajahn Chah, mmonke wochuka amene anayambitsa nyumba ya amonke ya Wat Nong Pah Pong m'nkhalango ya ku Ubon m'caka ca 1954. Mu 1977 Abuda a ku England anawaitana, ndipo Ajahn Chah anapita nao ku London, nasiya Sumedho ndi anzace ocepa kumeneko.

Mwina wina adzafunsa kuti nkhani ya Abuda ifunanji m'magazini ya Akatolika. Nzoona kuti iwo saphunzitsa za Mulungu Mlengi monga ticitira ife, ndipo sindifuna kubisa kusiyana kumeneku. Koma Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata ca Nostra Aetate ca 1965, unachula Cibuda ndi dzina, nutiphunzitsa kuti Mpingo sukana ciriconse coona ndi coyera copezeka m'zipembedzo zina. Komanso funso limene amonke awa anakumana nalo si lacilendo kwa ife: mwambo wakale ukafika m'dziko lina ndi m'nyengo ina, cofunika kusunga nciti, ndipo cotheka kusiya nciti?

Mmonke wa mwambo umenewu amasunga malamulo 227, ndipo amonke amasonkhana masabata awiri alionse kuti awamve akuchulidwa onse pamtima. Saloledwa kulandira kapena kusunga ndalama. Sadya dzuwa likapendeka; cakudya cace cimathera pamene dzuwa lafika paliwombo. Sakumba nthaka, sadula mtengo wauwisi, sadziphikira, sasunga cakudya ca mawa, ndipo sadya kanthu kamene munthu sanampatse m'manja. Ngakhale kupempha ndi pakamwa pa ulendo wa m'mawa uja saloledwa: amangoyenda cete. Ku Thailand zonsezi zimatheka cifukwa anthu a m'midzi anazolowera. Kukamaca amai amakhala ataima kale m'mbali mwa njira ndi mpunga wotentha. Koma ku London ndani akanadziwa kuti mbale ija ndi ya cakudya? Masiku ambiri amonke anali kubwerera nayo yopanda kanthu, nadya zimene abwenzi ocepa anabweretsa kunyumba.

Panali anthu anzeru amene analangiza kuti malamulo otere sangagwire nchito ku Ulaya, ndi kuti kuyenda ndi mbale nkutaya nthawi cabe. Ajahn Chah anakana. Anawalamula kuti azituluka m'mawa uliwonse, kaya alandira kaya salandira, popeza ulendowo ndiwo uwaonetsa kwa anthu. Ndipo pa ulendo wotere ndi pamene anakumana ndi wothamanga uja. Munthuyo anali ndi nkhalango ku West Sussex, yochedwa Hammer Wood, imene anali kufuna anthu oisamala. Anaipereka kwa amonke, maekala 108. Pafupi pace panali cinyumba cakale cogumuka, Chithurst House, ndipo mu 1979 amonke analowamo nayamba kucikonza ndi manja ao. Mu 1984 anatsegula nyumba ina yaikulu, Amaravati, kumpoto kwa London.

Tisaganize kuti sanasinthe kanthu. Mkanjo wopyapyala wosiya phewa limodzi pamtunda ndi wabwino ku dziko lotentha, koma m'cisanu ca ku England ungamuphe munthu. Motero anayamba kuvala malaya a manja aatali m'kati mwa mikanjo, pamodzi ndi masokosi, nsapato ndi zipewa zaubweya. Kwao amonke amabindikira miyezi itatu ya mvula, kuyambira ca mu July kufika October. Ku England imeneyo ndiyo nyengo yofunda, ya alendo ambiri ndi nchito zomanga. Mwambowo sanautaye, koma anaonjezapo m'bindikiro wina wa miyezi yozizira, January mpaka March, pamene nyumba yonse imakhala zii. Mapemphero ao a cilankhulo cakale ca Pali anawamasulira m'Cingerezi, monganso ife tinasiya Misa ya Cilatini yokhayokha.

Nanga ndalama, galimoto ndi khichini? Apa anakulitsa udindo wa anagarika, ndiye kuti wofuna kulowa umonke, wovala zoyera, amene amasunga malamulo 8 okha kwa caka cimodzi kapena kuposerapo. Iyeyu angathe kuphika, kuyendetsa galimoto ndi kugula tikiti ya sitima. Cuma ca nyumba cimasungidwa ndi bungwe la anthu wamba. Ena amaseka, amati uku nkuzemba lamulo: mmonke sagwira ndalama, koma wina amgwirira. Ine sindiona conco. Munthu amene alibe ngakhale ngwee imodzi m'thumba sangapite kumene afuna pa nthawi imene afuna. Ngati akhala moipa, anthu aleka kubwera ndi cakudya, ndipo mawa lomwe agona ndi njala. Mbale ija imam'mangirira kwa anthu, ndipo anthu amakhala ndi mphamvu yomuweruza popanda kunena liu.

Ife Akatolika tiyenera kuizindikira nzeru imeneyi, pakuti Fransisko Woyera wa ku Assisi, m'lamulo lace la 1223, analetsa abale ace kulandira ndalama. Ana ace anavutika nalo lamulolo kwa zaka mazana, namagawikana cifukwa ca ilo. Ndipo cikalata ca Perfectae Caritatis, ca 1965 comweco, cinapempha zipani za ansembe, abulazala ndi asisitere zinthu ziwiri pamodzi: kubwerera ku mzimu wa amene anaziyambitsa, ndi kuzolowera nyengo zatsopano. Kulemba mau awiriwa pa pepala nkosavuta.

Pamene pavuta koposa ndi pa nkhani ya akazi. Mu 1979 akazi anai anafika ku Chithurst kufuna moyo womwewo. Koma m'mwambo wa Theravada, umene amonke awa amatsata, udzozi wathunthu wa akazi unatha pafupifupi zaka 1,000 zapitazo, ndipo akuluakulu a ku Thailand amati palibenso amene angaupereke. Ajahn Sumedho anafuna njira ya pakati. Mu 1983 akaziwo analandira malamulo 10 ndi mikanjo yakuda mofiirira, ndipo gulu lao linadzachedwa siladhara. Naonso sagwira ndalama, amaphunzitsa anthu ndi kutsogolera m'bindikiro, koma pa mwambo amakhala pambuyo pa amonke, ngakhale mmonkeyo atadzozedwa dzulo.

Mu October 2009, ku nyumba ya Bodhinyana pafupi ndi Perth ku Australia, akazi anai anapatsidwa udzozi wathunthu ndi cithandizo ca Ajahn Brahm, wophunzira wina wa Ajahn Chah wobadwira ku London. Patangopita masiku owerengeka, akuluakulu anasonkhana ku Wat Nong Pah Pong nacotsa nyumba yace m'banja lao. M'zaka zomwezo ena mwa asiladhara anacoka ku England, ndipo awiri a iwo anakalandira udzozi wathunthu ku America mu 2011. Ajahn Chah, amene analola malaya nakaniza kusiya mbale, anali atamwalira kale mu 1992, ndipo mbali zonse ziwiri zinali kunena kuti zikutsata mapazi ace.