Njinga yatsopano: yesani msinkhu musanatulutse ndalama

Pa Ngabu m'boma la Chikwawa, njinga ndiyo miyendo ya anthu ambiri. Mumsewu wa M1 wochokera ku Nchalo kupita ku Bangula, akabaza amanyamula anthu, alimi amatengera matumba a mapira ndi thonje kumsika, pomwe ogwira ntchito m'maofesi a zaulimi a Shire Valley ADD amapalasa kupita kuntchito. Alimi akagulitsa thonje, ambiri amathamangira kukagula njinga yatsopano. Koma wogula amayang'ana mtengo, dzina ndi kuwala kwa penti, n'kuiwala funso lalikulu: kodi njingayi ikugwirizana ndi thupi langa?

Njinga yosakwana msinkhu imalanga pang'onopang'ono. Chishalo chikatsika kwambiri, bondo limapindika mopitirira ndipo limayamba kuwawa kutsogolo. Chikakwera kwambiri, chiuno chimagwedezeka uku ndi uku, ndipo ululu umabwera kuseri kwa bondo ndi kumsana. Kwa wakabaza amene amapalasa tsiku lonse, bondo likadwala ndiye kuti pakhomo pagona njala.

Choyamba kuyesa ndi felemu. Valani nsapato zimene mumayendera, imirirani felemu ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Pakati pa chitsulo chapamwamba ndi thupi lanu pazitsala mpata wa masentimita awiri mpaka asanu. Ngati mukuchita kunyang'ama ndi zala kuti chitsulo chisakukhudzeni, njingayo ndi yaikulu. Njinga zakale zija za mabuleki a ndodo, monga Hero ya ku India ndi Phoenix ya ku China, zimakhala ndi matayala a mainchesi 28, koma mafelemu ake amasiyana: ena ndi a mainchesi 22, ena 24. Choncho kufanana kwa matayala kusakunamizeni. Chishalo chimakwezedwa ndi kutsitsidwa ndi sipanala, koma felemu sisintha.

Chachiwiri ndi chishalo. Khalani pa njinga wina atakugwirirani, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke bwino popanda kupendeketsa chiuno. Mukabwezera phazi pamalo popalasira, bondo lidzapindika pang'ono chabe, ndipo m'pamene mphamvu imatuluka bwino. Okonda masamu angagwiritse ntchito njira imene anaitchukitsa Greg LeMond, wa ku America amene anapambana mpikisano wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Yesani kutalika kwa mwendo wanu m'kati, kuchokera pansi mpaka m'mphechepeche, n'kuchulukitsa ndi 0.883. Ngati mwendo ndi wa masentimita 80, chishalo chikhale pafupifupi masentimita 71 kuchokera pakati pa chitsulo chimene mapedulo amazungulirapo. Pa chitsulo cha chishalo pamakhala mzere wosonyeza malire. Ngati muyenera kuupitirira kuti mwendo uwongoke, njingayo ndi yaing'ono kwa inu, ndipo chitsulocho chikhoza kuthyoka muli pa ulendo.

Chachitatu ndi zogwirira. Manja azifika osatambasuka mpaka mapeto, zigongono zitapindika pang'ono, mapewa ali omasuka. Zala zizifika pa mabuleki mosavuta. Izi n'zofunika kwambiri kwa amayi ndi ana asukulu, amene kawirikawiri amapatsidwa njinga yogulidwa poyesa msinkhu wa bambo. Kugulira mwana njinga yaikulu poganiza kuti adzakula nayo n'kumuika pangozi mumsewu wodutsa malole a nzimbe ndi mabasi.

Njinga iyeneranso kukwana msewu. Njinga za liwiro, za zogwirira zopindikira pansi ndi matayala owonda a mamilimita 25 kapena 28, zimathamanga bwino pa phula la M1 chifukwa chigwachi ndi chathyathyathya. Koma mukangopatuka kulowa m'midzi, mumakumana ndi mchenga, minga ndi dothi la makande limene limamata ngati phula mvula ikagwa. Kumeneko kumafuna matayala otakata, masipoko olimba ndi kaliyala yamphamvu. Njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief linapangira misewu yotere, kaliyala yake imanyamula makilogalamu 100. Njinga ya liwiro sinapangidwire thumba la chimanga.

Kutentha nako kuli ndi mbali yake. Mu October ndi November ku Ngabu kumatentha kupitirira madigiri 40. Mpweya wa m'tayala umafufuma ukatentha, choncho musapope kupitirira nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo njinga muziiimika pamthunzi.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire, pemphani wogulitsa akuloleni kuipalasa pang'ono, muyese mabuleki, muzungulitse matayala kuti muone ngati akuyenda mowongoka, ndipo funsani amakanika a njinga pamsika ngati zipangizo zake zimapezeka. Pakatha milungu iwiri, bwererani nayo kwa makanika akamange masipoko ndi mabawuti amene amamasuka njinga ikayamba ntchito, n'kukonzanso chishalo ngati bondo likudandaula.