Dzina la i7 lisakunamizeni: kusankha purosesa ku Mzimba

Ntchito yokonza zithunzi ndi zolemba pa kompyuta yakhazikika pa boma la Mzimba, ndipo yafika kale ku Jenda ndi ku Embangweni. Makhadi aukwati, mapulogalamu a maliro, zikwangwani za masitolo, matishati a kwaya, ngakhale zolengeza mwambo wa Umthetho womwe umachitikira ku phiri la Hora mu Ogasiti, zonsezi zimayamba zadutsa mu CorelDRAW kapena Photoshop. Makina ambiri ogwirira ntchitoyi ndi a kaunjika, ma Dell OptiPlex ndi ma HP, ena otumizidwa ndi abale omwe ali ku Joni. Wogulitsa akafuna kukweza mtengo amangoti "iyi ndi i7, bwana," wogula n'kupisa m'thumba. Apa ndi pomwe ndalama zambiri zikutayikira, chifukwa dzinalo palokha silinena mphamvu ya purosesa.

Chofunika kuwerenga ndi nambala yotsatira dzinalo, yomwe imaulula m'badwo. Core i7-3770 ndi ya m'badwo wachitatu, ya 2012, ndipo ili ndi ma core anayi. Core i3-12100 ya 2022 ilinso ndi anayi, koma core iliyonse imathamanga kwambiri kuposa ya i7 yakaleyo. Izi zili ndi ntchito chifukwa zambiri zomwe wokonza zithunzi amachita, monga kusuntha chithunzi, kusintha mtundu kapena kukoka mzere, zimadalira liwiro la core imodzi kuposa kuchuluka kwake. Nkhani ya m'badwo yakulanso msinkhu kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndi a AMD kuyambira Ryzen 2000. Nayo Photoshop yatsopano imafuna malangizo otchedwa AVX2, omwe Intel inayamba kuika m'mapurosesa ake mu 2013, kotero i7-3770 ija siingaiyendetse n'komwe. Pa kaunjika, Core i5-8500 ya 2018, yokhala ndi ma core asanu ndi imodzi, ndiyo malire oyenera kuyambirapo.

Ena anganene kuti wokonza chikwangwani cha mamita atatu akufunika purosesa yamphamvu koposa zonse. Zoona, fayilo yotere imalemera, koma chomwe chimayamba kubanika ndi RAM. Ikadzaza, Photoshop imayamba kusunga ntchito pa disiki, ndipo ngati disikiyo ndi yozungulira yakale, ngakhale i9 imangokhala n'kudikira. Adobe yomwe, kampani yopanga Photoshop, imalangiza RAM ya 16GB kapena kuposerapo. Chiyambire pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndiye kuli bwino kugula i5 n'kugwiritsa ntchito ndalama yotsalayo pa RAM ndi SSD kusiyana n'kugula i7 yokhala ndi 4GB.

Kenaka pali magetsi, omwe alangizi a pa intaneti a ku Ulaya sawawerengera. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi Mzimba, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko lonse linamva kuwawa kwa kuthimathima. Yemwe ali ndi shopu ku Edingeni kapena ku Champhira ndipo amadalira sola ayenera kuwerengera mphamvu yomwe purosesa imadya. I5-8500 inalembedwa mawati 65, mbale wake i5-8500T mawati 35 okha, pomwe mapurosesa othera ndi K amadya kwambiri n'kumafunanso chozizilitsira chachikulu, chomwe fumbi la Okutobala silichedwa kuchitseka. Purosesa ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye mphamvu yomwe munalipira ija simuiona. Laputopu ili ndi ubwino woti magetsi akathima ntchito siitayika, bola kusamala ndi mapurosesa akale othera ndi U: asanafike m'badwo wachisanu ndi chitatu, ngakhale olembedwa i7 anali ndi ma core awiri basi.

Amene ali ndi mfundo yomveka yotsutsa ndi ojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kwa iwo ma core ambiri amafupikitsadi nthawi yotulutsira filimu, ndipo Ryzen 7 kapena i7 ya m'badwo watsopano, pamodzi ndi khadi la zithunzi, imabweza ndalama yake. Koma amenewo ndi ochepa poyerekeza ndi okonza makhadi ndi zikwangwani. Kwa ambiriwa, asanalipire apemphe wogulitsa ayatse makinawo, atsegule Task Manager, awerenge okha nambala yonse ya purosesa ndi kukula kwa RAM, chifukwa kapepala komata pa bokosi aliyense atha kukamata.